Bondo la Maliko

1992 mpaka 2016

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzengereza. Mumadziwa kuti ku Doha ndinayamba ntchito ku kalabu ya masewero, kenako munangomva kuti ndili ku kakiliniki ka anthu omanga nyumba. Amayi anu anakuuzani kuti kunali kusamutsidwa wamba, chifukwa ndi zimene ine ndinawauza. Sikunali kusamutsidwa wamba.

Ntchito ya mafizo ndinaiyamba mu 1992 pa chipatala china ku Mchinji, m'kachipinda kamene kale ankasungiramo ndowa ndi zikolopa. Kumeneko ndinaphunzira kumva bondo ndi zala, poti makina ojambulira ankati akagwira ntchito mwezi umodzi, miyezi itatu ali chigonere. Ndinawongola miyendo ya alimi ogwa pangolo, ya akabaza ogundidwa pamsewu, ya amayi akufa ziwalo. Mu 2015 ndinapeza kontirakiti ku Qatar, yothandiza dokotala wa timu ya basiketibo ku kalabu ina imene sinditchula dzina. Mpirawo sindinkaudziwa n'komwe. Dokotalayo, bambo Yusufu a ku Bahrain, anandiuza tsiku loyamba kuti, "Mwale, malamulo a mpirawu asakuvute. Iwe uzingoyang'ana mmene munthu akuterera pansi akadumpha."

Ndinkakhala ku Umm Ghuwailina, m'nyumba yakale yosanja, khomo langa moyang'anana ndi la aZulu. AZulu anali a ku Chipata, kapitawo wa alonda pa hotela ina ku West Bay, chimunthu chachikulu choseka mokweza. Mchinji ndi Chipata n'pafupi, ndiye tinkangoti ndife a mudzi umodzi. Amayi anu atachitidwa opaleshoni ine tchuthi atandimana, ndi aZulu amene anatuma akazi awo kuwoloka malire kukawadwazika sabata yathunthu. Wachitatu wathu anali aNkhoma a ku Kasungu, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ku Al Khulaifat, munthu wosavomera kanthu asanatsutse kaye. Lachisanu lililonse, lomwe ndi tsiku lopuma kumeneko, tikachoka kutchalitchi tinkakumana m'chipinda cha aZulu, n'kumamwa karaki, tiyi uja wamkaka wa kumeneko, mpaka dzuwa lizizire.

Juni 2017

Tinangodzuka tsiku lina m'mwezi wa Ramadani n'kumva kuti maiko oyandikana nafe atseka malire, pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga. Pofika masana anthu anali atasesa mpunga ndi mkaka m'mashopu. Patapita masiku kunabwera mkaka wa ku Turkey, wolembedwa zilembo zimene sitinkatha kumva, moti aNkhoma anathira chambiko mu tiyi akuyesa ndi mkaka. Tinaseka, koma mantha analipo. Ambiri tinkagona mapasipoti ali m'chikwama chomangiratu.

Kuntchito zinthu zinavuta mwakachetechete. Mabandeji omatira, zomangira mawondo ndi mankhwala opaka zinkabwera pa malole odzera pa chipata cha malire cha Abu Samra, ndipo malolewo anaima. Ndinayamba kuchapa mabandeji n'kumayanika padenga ngati ndili ku Mchinji. Koma chimene chinatipweteka koposa n'chakuti dziko la bambo Yusufu linalamula nzika zake zonse kubwerera kwawo pasanathe sabata ziwiri. Anandisiyira makiyi a kabati ya mankhwala ndi mafayilo a osewera. "Abweretsa dokotala wina, inshallah," anatero, osandiyang'ana kumaso. Sanabweretse. Mudiri, ndiye kuti bwana woyendetsa kalabu, anapangana ndi dokotala wina wa m'tauni kuti azibwera Lolemba lokha, ndipo dokotalayo ankangosayina pansi pa chilichonse chimene ine ndalemba. Choncho popanda kundifunsa kapena kundikweza, mawu omaliza akuti uyu asewere, uyu asasewere, anagwera ine.

Okutobala 2017

Osewera achilendo ambiri anakana kubwera chaka chimenecho poopa nkhondo. Amene anavomera anali mnyamata wa zaka 27 wochokera ku America, pa jezi polembedwa kuti Marcus, ife tinkati Maliko. Mayi ake anali namwino wa ku Dedza, bambo ake a ku Chipata, iye anabadwira konko kunja. Ali ku koleji anali katswiri wotchuka zedi. Anatenga kasukulu kosadziwika n'kukafikitsa kutali m'mpikisano wa makoleji, ndipo mafilimu a masewero ake anali mbwee pa intaneti. Koma ligi yaikulu ya kwawoko sinamutenge. Anasewera ku maiko atatu m'zaka zinayi, kulikonse osamaliza bwino, n'kudzathera kwa ife.

Tsiku loyamba anawerama pachitseko cha chipinda changa, poti anali wamtali kuposa chitsekocho, n'kuwerenga dzina langa pa baji. "Mwale? Muli bwanji, malume?" Chichewa chake chinali cha kukhitchini kwa mayi ake, chongokwana kupereka moni ndi kupempha chakudya, zina zonse tinkalankhula m'Chingerezi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinali malume ake.

Pa gulu lathu la pafoni la Amalawi ndi Azambia nkhani inali yomweyo, ndipo m'chipinda cha aZulu Lachisanu linasanduka bwalo la milandu. Ndikukumbukira tsiku lina aZulu akutionetsa filimu ya Maliko ali ku koleji, akuuluka pakati pa anthu atatu.

"Onani apa! Manje muniuze, ndani angachite so? Uyu mwana anamupondereza chabe. Makochi a ku Ulaya amafuna loboti, samafuna talenti."

"Ku koleji ankasewera ndi ana asukulu," anatero aNkhoma. "Ena mwa amene akuwadumphawo lero akugulitsa inshuwalansi. Atakumana ndi amuna anzake chinachitika n'chiyani? Maiko atatu, aZulu. Makochi atatu onse angakhale opusa?"

"Ni jelasi chabe imeneyo."

"Si jelasi. Dzulo ndinali ku jimu, ndamuona ndi maso angawa. Sabwerera kukatchinga. Amaima kunja kwa mzere kudikira mpira ngati akudikira basi. Ulesi. Anatchuka msanga, mutu unakula."

"Akagoletsa mumakamba ati ni wa ku Dedza. Akaphonya ati ni wa ku Chipata!"

Kenako onse anatembenukira kwa ine kuti ndiweruze, poti ndine ndinkamugwira thupi tsiku lililonse. Ndinangoti za odwala anga sindikamba. AZulu anaseka, n'kundimenya paphewa. Zoona zake n'zakuti aNkhoma ankaona bwino koma ankamasulira molakwa. Maliko sankathamanga kubwerera chifukwa sakanatha. Ndinali nditaona kale kuti akadumpha ankatera ndi mwendo wamanzere wokha, wamanja akuusunga m'mwamba ngati nkhuku pamvula. Bondo lamanjalo linali ndi chipsera cha opaleshoni yakale, linkatentha, ndipo ndikalipinda ndinkamva m'zala zanga likukukuta ngati muli mchenga. Nditamufunsa anati, "Lakhala choncho kuyambira chaka chomaliza ku koleji. Ndimalidziwa, malume. Ingoikani ayisi." Ndinaika ayisi miyezi isanu. Ankabwera m'mawa anzake asanafike kuti asamuone akutsimphina, ndipo madzulo ankagoletsa kuposa wina aliyense mu timu.

Malichi 2018

Timu inafika mu semifainolo, chinthu chimene kalabuyo inali isanachione kwa zaka zambiri. Kutatsala masiku anayi, Maliko anafika bondo litatupa ngati papaya. Ndinakana kumuika ayisi mpaka atavomera kuti tikajambulitse ku chipatala china chapulaiveti, kumene kunalibe womudziwa. Dokotala wa mafupa anaika chithunzi pa kompyuta n'kutiloza ndi cholembera. Mnofu woterera wa pakati pa mafupa unali utatha, mafupa akukhudzana okhaokha, ndipo mtsempha umene anausoka ku America unali utatsala ngati ulusi. Anati akasewera chonchi, makamaka atabayidwa jakisoni woti asamve ululu, tsiku lina adzagwa osadzukanso, ndipo ngakhale kuyenda kwenikweniku kudzavuta.

M'takisi pobwerera titafika pa maloboti a pafupi ndi kalabu, Maliko anati, "Kukubwera munthu wa kalabu ya ku Spain kudzandiona Lachinayi. Ndakhala ndikumulembera zaka ziwiri. Geimu imodzi yokha, malume. Ikatha imeneyi mudzalembe chimene mukufuna."

Mawa lake mudiri anandiitana ku ofesi. Anali munthu waulemu, wosakweza mawu, ndipo anandithirira yekha khofi m'kakapu. Fomu inali kale patebulo.

"Marcus wandiuza kuti bondo likupweteka pang'ono. Mafi mushkila, palibe vuto. Jakisoni mmodzi, asewere. Yalla, fulumira, sayina."

Ndinati si pang'ono, ndipo ndinayamba kufotokoza za chithunzi. Anakweza dzanja.

"Chithunzi sindinachione, ndipo sindikufuna kuchiona. Mwini bondo akufuna kusewera. Kochi akufuna. Ine ndikufuna. Iwe ndiwe ndani?" Anamwa khofi wake. "Mwale, visa yako ili m'dzina la kalabu ino. Ndamva ana ako ali ku yunivesite."

Iwe Tadala unali m'chaka chachiwiri, iwe Yamikani utangoyamba kumene. Ndinapempha ola limodzi. Ndinapita nayo fomuyo kuchipinda changa, ndinatseka chitseko n'kukhala pabedi la odwala. Sindikunamizani kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo. Ndinalemba deti, ndinalemba dzina lake, ndipo cholembera chinafika pa bokosi lakuti angathe kusewera. Ndinadziuza kuti ndi munthu wamkulu, bondo ndi lake, mwina geimu imodzi lipirira. Chimene chinandibweza ndi nkhope za anthu a ku Mchinji amene ndinkawaphunzitsa kuyendera ndodo, amuna azaka makumi atatu olira mobisa akazi awo akatuluka panja. Ndinkadziwa mmene zaka zotsatira za munthu wotero zimakhalira, pamene iye sankadziwa. Ndinachonga bokosi linalo, n'kulemba kuti wosewerayu asabayidwe jakisoni ndipo asasewere.

Mudiri anawerenga, anapinda pepalalo bwinobwino, n'kunena mawu amodzi: "Khalas." Ndiye kuti zatha.

Maliko anandipeza ndikupinda matawulo. Sanakalipe. Anakhala pampando, miyendo yake yaitali ija itatambasuka mpaka pakhomo, n'kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Mwandipha, malume." Kenako anati, "Chinthu chimodzi chokha. Za bondoli musauze munthu. Zikangomveka, palibe timu padziko lapansi imene idzanditenge. Anene kuti ndine waulesi, anene kuti ndine wamantha, zimenezo ndinazolowera. Koma asanene kuti ndine wolumala. Lonjezani."

Ndinalonjeza. Ndinaona kuti nditamulanda zonsezo, chimenecho chokha ndikanatha kumupatsa.

Epulo 2018 mpaka Julayi 2020

Timu inaluza. Munthu wa ku Spain anaonera theka la geimu n'kutuluka. Pasanathe sabata kalabu inalengeza kuti yasiyana ndi Marcus mogwirizana, osatchula za kuvulala, chifukwa mudiri naye sankafuna zimveke kuti analemba wosewera osamupima. Maliko ananyamuka osanditsanzika. Ine anandisamutsira ku kiliniki ya kampani yomanga ya mwini kalabu yemweyo, ku Industrial Area, kumene ndinkaona misana ya anthu onyamula simenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Pa gulu la pafoni aNkhoma anapambana. Analemba kuti ananena kale, mnyamatayo wathawa geimu yaikulu monga anathawira kwina konse. Ambiri anavomereza, ena anaika zithunzi zomuseka. AZulu anamenya nkhondo okha masiku atatu, kenako anatuluka pa gulupo. Lachisanu lotsatira ndinawapeza atakhala okha, karaki osaphika. Mlonda wina wa ku kalabu, amene kale anali pansi pawo, anali atawauza kuti Maliko ankafuna kusewera mpaka kulira, koma wamafizo wa ku Malawi ndiye anakana kusayina. Mphekesera inali yakuti mudiri ankafuna kumuchotsa kuti abweretse wina, ndipo anagwiritsa ntchito ine.

"AMwale, nikufunsani kamodzi chabe," anatero. "Uja mwana anali odwala, olo anakutumani?"

"Sindingayankhe, aZulu."

"Ndine, Zulu. Tili awiri muno. Simungayankhe?"

"Za odwala anga sindikamba."

"Si odwala wanu manje, anayenda. Kambani chabe ati anali odwala, nizamvera. Sinizauza munthu."

Ndinkawadziwa aZulu. Mtima wawo unali wabwino, koma akanapirira tsiku limodzi lokha aNkhoma akunyoza, tsiku lachiwiri akanaulula pa gulu la anthu oposa zana kuti awine mkangano. Ndinangoyang'ana pansi.

"Basi mwayankha," anatero, n'kunditsegulira chitseko.

Tinakhalabe moyang'anana makomo chaka china chathunthu. Tikakumana pamasitepe ankati "Muli bwanji" ngati akupereka moni kwa mwini nyumba. Pa Khirisimasi ndinawasiyira nsomba zouma zimene amayi anu anatumiza, mawa lake ndinazipeza zitapachikidwa pa chogwirira cha chitseko changa. Lachisanu ndinayamba kukhala ndi aNkhoma okha, ndipo nthawi zonse nkhani ya mpira ikabuka ankabwereza kuti Maliko ndi chitsanzo cha ana a masiku ano, otchuka asanagwire ntchito. Ine ndinkangomwa tiyi wanga. Mu 2019 kampani inandipatsa chipinda pafupi ndi kiliniki, ndipo ndinasamuka ku Umm Ghuwailina aZulu ali kuntchito.

Mliri wa korona utafika, hotela ya aZulu anaisandutsa malo osungirako anthu obindikiritsidwa, ndipo alonda anapitiriza kugwira ntchito. Mu Juni 2020 aNkhoma anandiimbira kuti aZulu agonekedwa, akupuma ndi mpweya wa m'botolo. Kukawaona kunali koletsedwa. Ndinawalembera uthenga wowafunira bwino, foni inaonetsa kuti awerenga, koma sanayankhe. Tsiku lina pa nthawi ya nkhomaliro ndinalemba nkhani yonse, za chithunzi, za mtsempha, za lonjezo. Ndinaiwerenga kawiri. Nthawi imeneyo ndinali nditamva kuti Maliko akusewera ku ligi ina yaing'ono ku South America, ndiye kuti chinsinsicho chinali chikumudyetsabe. Ndinafufuta, n'kudziuza kuti aZulu ndi olimba, akatuluka ndidzapeza njira. Anamwalira mu Julayi. Thupi silinathe kupita ku Chipata. Anaikidwa kuchipululu cha ku Dukhan, kumanda a anthu osakhala Asilamu, ndipo analola anthu ochepa okha. Ine sindinali m'gulu la oitanidwa.

Januwale 2021

Khirisimasi itayandikira ndinalandira uthenga wa mawu kuchokera ku nambala ya ku America. Anali Maliko. Ku South America anapeza dokotala amene anavomera kumubaya. Anasewera miyezi isanu ndi iwiri, kenako bondo linathyoka pakati pa geimu monga dokotala uja ananenera. Anachitidwa maopaleshoni awiri, ankayendera ndodo, ndipo anali atabwerera kunyumba kwa mayi ake. "Munanena zoona, malume. Ndinakuda... ndinakudani nthawi yaitali. Tsopano palibe chobisa. Uzani aliyense amene mukufuna." Choncho kukana kwanga sikunapulumutse bondo lija. Kunangolichedwetsa.

Sabata imene maiko oyandikana nafe aja anatsegula malire, anthu ankaliza mahutala m'misewu ndi kukupiza mbendera. Kontirakiti yanga inali itatha, ndipo ndinali nditaganiza zobwerera kumudzi. Masana a Lachisanu langa lomaliza ndinakumana ndi aNkhoma pa Corniche, m'mphepete mwa nyanja, tinakhala pa benchi motalikirana, zophimba pakamwa zili pachibwano. Ndinawatsegulira uthenga wa Maliko kuti amve, kenako ndinawafotokozera zonse kuyambira tsiku limene ndinagwira bondo lija koyamba.

Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, aNkhoma sanatsutse. Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya.

"Ndiye kuti miyezi yonse ija ankagoletsa ndi mwendo umodzi?"

"Eya."

"Ine ndikumutcha waulesi. Pa gulu. Inu mutakhala pompo, mukumwa tiyi."

"Ndinalonjeza, aNkhoma."

"Ine zanga zilibe kanthu, ndine wamoyo, ndikhoza kulemba pa gulu lero lomwe kuti ndinalakwa. Nanga aZulu?" "Ndinalankhula nawo pafoni kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Mpweya unkawathera, koma anandifunsa ngati munanenapo kanthu za mwana uja. Ndinati ayi. Anati, 'Basi.' Munasunga lonjezo kwa munthu amene munamudziwa miyezi isanu, n'kusiya m'bale wanu apite akuganiza kuti munagulidwa."

Ndinafuna kunena kuti wodwala ndi wodwala, kaya wamudziwa miyezi isanu kaya tsiku limodzi, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira zimenezo. ANkhoma anavala magalasi, anandigwira dzanja ngakhale kunali koletsedwa, n'kunyamuka kupita kokwerera sitima ya metro.

Nditafika ku Mchinji ndinawoloka malire kukapepesa maliro ku Chipata. Akazi a aZulu anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, n'kundiuza kuti amuna awo ankanditchula nthawi zonse ngati m'bale wawo wa ku Doha. Za kusemphana kwathu sankadziwa chilichonse. Zaka ziwiri zonse zija, aZulu sanawauzepo.